Mapepala a sukulu ndi luso la pa ntchito kwa alangizi a mapulogalamu a makampani ku Malawi

Mlangizi wa mapulogalamu a makampani ndi munthu amene amalembedwa ntchito kuti aike, akonze ndi kuphunzitsa anthu mapulogalamu akuluakulu a pa kompyuta amene banki, kampani kapena boma limayendetsera ndalama, malipiro a antchito ndi katundu wa m'sitolo. Ena mwa mapulogalamu odziwika ndi SAP, yopangidwa ndi kampani ya ku Germany imene inayamba mu 1972, komanso Oracle, Sage ndi Microsoft Dynamics. Pa ntchito imeneyi pali mkangano wakale: kodi cholemera n'chiti, digiri kapena zaka zimene munthu wagwira ntchitoyo ndi manja ake?

Kumene anthu amaphunzira

Ku Malawi madigiri a zamakompyuta amaperekedwa ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, yomwe mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, ku Mzuzu University, ndi ku MUST ku Thyolo, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Sukulu ya boma ya NACIT ndi makoleji ena osakhala a boma amaperekanso madipuloma. Bungwe la NCHE ndi limene limavomereza sukulu za ukachenjede ndi maphunziro ake, choncho pepala lochokera ku koleji yosavomerezeka limatha kukanidwa pofunsira ntchito.

Digiri imatenga zaka zinayi. Wophunzira amadziwa kulemba mapulogalamu, kusanja nkhokwe za zinthu pa kompyuta ndi kuganiza motsata ndondomeko. Koma ndi ochepa amene amatuluka atagwirapo SAP kapena Oracle yeniyeni, chifukwa mapulogalamuwa ndi okwera mtengo ndipo amapezeka m'maofesi momwe akugwiritsidwa ntchito.

Chimene ntchito imaphunzitsa

Gawo lalikulu la ntchito ya mlangizi si kulemba pulogalamu ayi. Amakhala pansi ndi akauntanti, n'kumva mmene ndalama zimayendera kuchokera pa pempho mpaka pa kulipira, kenako n'kukonza pulogalamu kuti itsate njira imeneyo. Ayenera kudziwa amene ali ndi mphamvu yovomereza malipiro, mmene mabuku amatsekedwera kumapeto kwa mwezi, ndi chochita pamene manambala akale akukana kulowa m'dongosolo latsopano. Zinthu zotere munthu amazidziwa ataona ntchito ikusokonekera kangapo.

Chitsanzo chachikulu m'dziko muno ndi IFMIS, dongosolo limene boma limayendetsera chuma chake. Mu 2005 boma linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS yomangidwa pa pulogalamu ya Epicor. Mu 2013 kunatulukira nkhani ya Cashgate, pamene mabiliyoni a makwacha anabedwa ku Capital Hill: anthu ankalowetsa malipiro abodza, ndipo akalandira ndalama ankafufuta umboni m'dongosolomo. Vuto silinali kusowa kwa anthu ophunzira. Linali pa kagawidwe ka mphamvu, poti munthu mmodzi ankatha kuchita zinthu zimene zinayenera kudutsa mwa anthu angapo. Boma linasamukira ku IFMIS yatsopano ya SAP kuyambira mu 2020, ndipo ntchito yoiika inapatsidwa kwa kampani ya ku Zimbabwe ya Twenty Third Century Systems. Izi zimasonyezanso chinthu china chowawa: ntchito zazikulu zotere kawirikawiri zimapita kwa makampani akunja, chifukwa ndi amene ali ndi umboni woti anaichitapo kwina.

Pamene pepala limapambana

Ngakhale zili choncho, pepala ndi limene limatsegula chitseko. M'boma, giredi imene munthu amayambira imadalira maphunziro ake. Makampani akamapikisana kuti apeze ntchito ya boma kapena ya mabungwe othandiza, amapereka mbiri za antchito awo, ndipo oyesa amaika malikisi pa digiri ndi pa zaka za ntchito padera. Katswiri wopanda digiri akhoza kugwetsa kampani yake pa mpikisano ngakhale ali wodziwa kuposa anzake onse. Wofuna chilolezo chogwirira ntchito za luso losowa ku South Africa amafunikanso kuti mapepala ake aunikidwe ndi bungwe la SAQA.

Pakati pa mbali ziwirizi pali masatifiketi a ntchito. Ena, monga a SAP kapena a Cisco, munthu amangolemba mayeso. Ena amawerengera zonse ziwiri poyera. Satifiketi ya PMP, ya otsogolera ntchito, imafuna miyezi 36 ya luso kwa munthu wa digiri, koma miyezi 60 kwa wopanda digiri. Pa muyeso umenewu digiri ya zaka zinayi ikufanana ndi zaka ziwiri zokha za ntchito, ngakhale si olemba ntchito onse amene angavomereze masamu amenewa. Mayesowa amalipiridwa m'madola, zimene zinakhala zolemetsa kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kwa wophunzira wa kumudzi

Mkanganowu umaoneka mosiyana kwa mwana wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntumanji, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, kumene mabanja ambiri amadalira ulimi wa mpunga ndi usodzi. Mawu akuti luso limaposa pepala amamveka bwino m'tauni, kumene mnyamata akhoza kulowa m'kampani kudzera mwa malume ake n'kuyamba ndi kukonza makompyuta. Kumudzi kulibe banki kapena kampani yoti munthu akaphunzireko SAP moonera. Yunivesite ya ku Zomba ili m'boma lomwelo, ndipo njira yofikako ndi yodziwika: kukhoza bwino mayeso a MSCE, kuphatikizapo masamu ndi Chingerezi, kusankhidwa, ndi kupempha ngongole ya boma ya ophunzira.

Akamaliza, vuto limatembenuka. Zotsatsa ntchito zimafuna zaka ziwiri kapena zitatu za luso kwa munthu amene sanalembedwepo. Ambiri amadutsa mpata umenewu ndi atachimenti ya m'chaka chachitatu kapena chachinayi, ena ndi ndondomeko ya boma yoika omaliza maphunziro m'maofesi, imene inayamba mu 2018, ndipo ena amayamba pa desiki yoyankha madandaulo a ogwiritsa ntchito pulogalamu, kumene malipiro ndi ochepa koma munthu amaona dongosolo lonse tsiku ndi tsiku.