Maselo Akayamba Kusintha M'njira Yoberekera

Khansa ya m'njira yoberekera siifala ngati ya khomo la chiberekero, koma nayonso imayamba mwakachetechete ndi kusintha kwa maselo a khungu lamkati, kumene madokotala amakutcha VaIN ndi kukugawa patatu potengera mmene kwalowerera m'khungumo. Gawo loyamba nthawi zambiri limatha lokha, pomwe lachiwiri ndi lachitatu ndiwo amadetsa nkhawa, chifukwa akalekereredwa amatha kusanduka khansa, chikhalirecho mayi samva kupweteka kulikonse.

Gwero la vutoli ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, ndipo mtundu wake wa nambala 16 ndiwo umapezeka kwambiri pamene kusinthako kwafika poipa. Thupi la anthu ambiri limakagonjetsa kachilomboka pasanathe zaka ziwiri, choncho chimene chimakulitsa vuto ndicho kukhazikika kwake, kumene kumachitika kawirikawiri chitetezo cha m'thupi chikafooka, monga mwa amayi amene ali ndi HIV kapena amene amamwa mankhwala ochepetsa chitetezo atapatsidwa impso ya munthu wina. Kusuta fodya ndi kukula msinkhu kumaonjezera chiopsezocho.

Koma gulu limene limaiwalika msanga ndi la amayi amene anachotsedwa chiberekero chifukwa cha maselo osintha pa khomo lake. Mayi wotere amabwerera kumudzi ali ndi chikhulupiriro chakuti nthenda inapita pamodzi ndi chiwalocho, ndipo nkovuta kumuimba mlandu, popeza ngakhale kuyeza ndi viniga kumene kumachitika m'zipatala za m'Malawi kumalunjika pa khomo limene iye alibenso. Komatu kachilombo kaja sikasankha malire, ndipo VaIN imakonda kumera kumtunda kwenikweni kwa njira yoberekera, pamene dokotala anasoka, mwinanso kubisala m'makwinya a m'mbali mwa chipseracho, momwe diso silifika mosavuta.

Pofufuza, dokotala amagwiritsa ntchito makina okulitsa zinthu otchedwa colposcope, napaka mankhwala a ayodini amene amadetsa khungu labwino nkusiya lodwala lili lotuwa. Mwa mayi amene anasiya kusamba, khungu lopyapyala limakana ayodiniyo ngakhale lili labwinobwino, nchifukwa chake ena amayamba apatsidwa mafuta opaka a estrogen kwa milungu ingapo asanayezedwe. Kumbali ya kupewa, katemera wa HPV, amene Malawi inayamba kupereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, amateteza ku mtundu wa 16 uja, koma sachiza mayi amene anatenga kale kachilomboka.