Minestra dei morti

Minestra dei morti ndi supu wa nyemba amene amaphikidwa m'madera angapo a ku Italy pa 2 Novembala, tsiku limene Akatolika amapempherera onse amene adamwalira. Dzinali m'Chitaliyana limatanthauza "supu wa akufa". Kaphikidwe kake sikamodzi. Ena amagwiritsa ntchito tchana, ena nyemba zikuluzikulu zotchedwa fava, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso chochokera ku tirigu: buledi, pasta kapena tirigu weniweni.

Mbiri

Aroma akale ankakhulupirira kuti nyemba za fava zimakhudzana ndi mizimu. Wandakatulo Ovid adalemba m'buku lake la Fasti kuti pa mwambo wa Lemuria, wochitika pa 9, 11 ndi 13 Meyi, mwini nyumba ankadzuka pakati pa usiku n'kumaponya nyemba zakuda kumbuyo kwake osacheuka, kuti mizimu itole nyembazo n'kuleka kuvutitsa banja. Tsiku la 2 Novembala lidabwera pambuyo pake. Adalikhazikitsa ndi Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, ndipo lidafalikira mu Mpingo wonse. Nyemba zija sizidachoke, koma m'malo moziponya anthu adayamba kuziphika n'kugawira osauka, amene nawo ankapempherera akufa a m'banja lowapatsalo. Tirigu naye ali ndi tanthauzo lake, pakuti pa Yohane 12:24 pamakambidwa za mbewu ya tirigu imene imayamba yafa m'nthaka isanabale.

Kaphikidwe

Tchana wouma amaviikidwa m'madzi usiku wonse, maola osachepera 12. Apa ndi pamene ophika mothamanga amalakwitsa, chifukwa tchana wosaviikidwa mokwanira amakhalabe wolimba pakati ngakhale atawira nthawi yaitali. M'mawa madziwo amatayidwa. Wophika amakazinga anyezi, karoti ndi selari m'mafuta a olivi, n'kuthiramo tchana uja, madzi atsopano ndi masamba onunkhira monga sage ndi rosemary. Moto umafunika wochepa, mphika uzingobwata pang'onopang'ono kwa maola awiri kapena atatu, thovu likumayoledwa pamwamba. Ambiri amathira mchere kumapeto. Ngati mukulowa tirigu wamtundu wa farro wopuntha kale, amathiridwa kutatsala pafupifupi theka la ola; wosapuntha amayamba waviikidwa ngati tchana. Ena amatapa tchana pang'ono, kumupota n'kumubwezera mumphika kuti supu akhale wolemera.

Kusiyana kwa madera

Ku Milan amaphika tchana pamodzi ndi nyama ya kumutu kwa nkhumba, n'kuthira supuyo pa buledi. M'tauni ya Dogliani, ku Piedmont, amamutcha cisrà ndipo amaikamo chifu cha ng'ombe ndi ndiwo zamasamba. Kumeneko supuyu amaphikidwa m'miphika ikuluikulu n'kugawidwa kwa anthu obwera ku msika wa pa 2 Novembala, monga ankachitira a gulu lachipembedzo la Battuti kalekale. Ku Calabria amadya tchana ndi lagane, pasta yophwatalala. Ku Puglia kuli grano dei morti, amene si supu ayi koma tirigu wowiritsa wosakaniza ndi makangaza, mtedza wa walnut ndi madzi a mphesa ophika mpaka kukhala ngati uchi.

M'madera ena, usiku wa pa 1 Novembala mabanja ankagona osachotsa chakudya patebulo, kuti achibale omwalira akabwera kudzazonda nyumba apeze kanthu kodya.