KACISI WA KU ISE AMAMANGIDWANSO ZAKA 20 ZIRI ZONSE

Ku dziko la Japan, m'cigawo ca Mie, kuli kacisi wochuka wa Ise, kumene a cipembedzo ca Shinto amalemekeza Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa. Mutafikako, owerenga, simungaone njerwa kapena malata. Nyumba yopatulikayo ndi ya matabwa a mtengo wa hinoki osapaka utoto, denga lake ndi la udzu, ndipo inakwezedwa pa mizati monga nkhokwe za mpunga za makolo ao. Mizatiyo amaizika m'nthaka, ndipo mlimi ali yense adziwa cimene cinyontho cimacita ku mtengo wozikidwa motero.

Conco pakapita zaka 20 amamanga kacisi wina wofanana ndendende pambali pake, nasamutsiramo kalilole wopatulika usiku, kenaka napasula wakaleyo. Mwambowu unayamba mu 690, m'ulamuliro wa Mfumukazi Jito. Nkhondo zapaciweniweni zinauimitsa kwa zaka zoposa 120, ndipo Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse inaucedwetsa kucokera mu 1949 kufikira mu 1953. Kumanganso kwa nambala 62 kunacitika mu 2013. Kotsatira kuyembekezeka mu 2033.

Ena angati n'kuononga cuma. Ife tiona kuti m'zaka 20 mmisiri wokalamba akali ndi moyo kuti aphunzitse mnyamata kusema ndi kufolera. Akadikira zaka 60, lusolo likalowa naye m'manda. Mitengo yakale satayanso: mizati yaikulu imasanduka zipata za pa mlatho wa Uji.