Tiwerenge Dzina la Sitima Yakale

Kuno ku Malowera kulibe njanji. Koma chigawo chathu cha Tete chili nayo. Njanji inafika ku Moatize m'chaka cha 1949, kuti izinyamula malasha kupita ku Beira.

Masiku amenewo sitima zinkayenda ndi moto. Munthu ankaponya malasha m'ng'anjo. Moto unkawiritsa madzi m'thanki yaitali. Nthunzi inkakankha zitsulo, ndipo zitsulozo zinkazunguza mawilo. Lero ntchito imeneyi ikugwiridwa ndi injini za dizilo.

Injini zamoto sizinkapangidwa kuno. Zina zinachokera ku Mangalande, zina ku Amereka, zina ku Jeremani. Nanga ya ku Jeremani tingaidziwe bwanji?

Choyamba, tifune chikwangwani chachitsulo. Opanga injini ankachikhomera m'mbali mwake. Ngati chadetsedwa, tichipukute ndi kansalu ka mafuta. Tikatero tiwerenge zinthu zinayi: dzina la fakitale, mzinda wake, nambala ya injini, ndi chaka.

Tikaona dzina lakuti Henschel ndi mzinda wa Kassel, tidziwe kuti ndi ya ku Jeremani. Fakitale imeneyi inapanga injini yake yoyamba mu 1848. Dzina lina ndi Orenstein & Koppel, la ku Berlin. Iwowa ankadziwika ndi injini zing'onozing'ono za m'minda ndi m'migodi.

Chachiwiri, tione maonekedwe. Injini yotchedwa Garratt ili ndi thanki yowiritsira madzi pakati, mawilo oyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo. Mu 1956 a Henschel anapangira Mozambique injini za mtundu umenewu. Koma tisafulumire. Angelezi nawonso ankapanga ma Garratt. Maonekedwe angatinamize, koma chikwangwani chimanena zoona.

N'chifukwa chake chikwangwani sichoyenera kuzulidwa ndi kugulitsidwa kwa ogula zitsulo. Chikachoka, injini yataya dzina. Njanji za dziko lino zinamangidwa ndi thukuta la makolo athu, ambiri a iwo pa ntchito yokakamiza ya chibalo. Iwo ankaziona zilembozi, koma atsamunda sanawapatse sukulu. Ife tikuphunzira, ndipo tiziwerenga tokha. Dzina la pa khasu, pa njinga ndi pa chigayo tiliwerengenso chimodzimodzi.

Mafunso

1. Kodi njanji inafika liti ku Moatize?
2. Tchulani zinthu zinayi zolembedwa pa chikwangwani.
3. Pezani chitsulo cholembedwa kunyumba kwanu. Lembani mawu ake m'kope.