Mitengo itatu kuseri kwa bafa ku Matero

Mwezi wa Meyi ukafika, otsatira nkhani ya chamba m'Zambia amakumbukira 2021, chaka chimene anasaina lamulo la chamba chamankhwala ndi la chamba cha m'mafakitale. Nduna zinali zitavomereza kale ganizoli mu Disembala 2019, ngongole zakunja zitafika m'khosi. Boma linkafuna madola. Koma ku Matero uthengawo unafika woduka, ambiri anangomva kuti chamba chaloledwa.

Panyumba ina yakale ya khonsolo, chakufupi ndi Lilanda, pamakhala agogo ena ogulitsa vitumbuwa. Pakati pa bafa ndi mpanda wamalata ali ndi kadimba ka chibwabwa, kalembula ndi therere. Chilimwe chapitachi mdzukulu wawo, kondakitala wa minibasi zopita m'tauni, anayamba kudzuka m'mamawa n'kumathirira kadimbako ndi madzi otsukira mbale. Agogo anakondwa, poti mnyamatayo chibadwire anali asanagwirepo khasu. Anabweretsa matayala akale atatu, nawadzaza dothi losakaniza ndi zitosi za nkhuku. Zomera m'matayalamo zinakula msanga kuposa therere, masamba ake ngati zala zotambasula, ndipo masana ankazitchinga ndi masaka a makala, ati kuopa dzuwa. Madzulo kafungo kankalowa mpaka kwa aneba. Chinsinsi chinaululika mayi wina wa kutchalitchi atabwera kudzathyola ndiwo: anangoti kuona, n'kugwira pakamwa.

"Agogo, musaope, boma linavomereza," anatero mnyamatayo. Agogo sanamuyankhe. Anazula mitengo yonse itatu n'kuiponya m'chimbudzi chokumba.

Mwa lamulo, agogowo sanalakwe. Kulima chamba popanda laisensi ndi mlandu mpaka lero, kusutanso chimodzimodzi. Ndipo laisensiyo sanaiganizire munthu wa m'komboni: mu 2019 nyuzipepala zinkatchula madola 250,000 pachaka. Ku Malawi, komwe lamulo lofanana linadutsa mu Febuluwale 2020, alimi ang'onoang'ono anadandaula ndi laisensi ya madola 10,000.

Nkhani ya agogoyi yakhala ikudya nthawi pansolo ndi m'mabarbershop, ndipo mkangano ndi umodzi: kodi boma litalola munthu kudzala mitengo ingapo pakhomo pake, lingapezepo msonkho? Ena akuti inde. Munthu azilembetsa ku khonsolo, azilipira kangachepe monga amachitira amayi a pamsika tsiku ndi tsiku. Akuti pakali pano ndalama yonse ikuthera kwa ogulitsa chamba a ku komboni ya Chibolya ndi kwa aja amatsinzina dala akagwiritsidwa kanthu m'manja.

Ena akukana, ndipo kunena zoona mfundo yawo ndi yolemera. Msonkho umadulidwa pamene ndalama ikuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo. Wolima chosuta yekha sagula kwa munthu, ndiye boma lidula pati? Ku South Africa khoti lalikulu linalola akuluakulu kulima ndi kusuta kwawo mu Seputembala 2018, lamulo lake n'kusainidwa mu 2024, koma kugulitsa n'koletsedwabe, motero mitengo ya m'mayadi siibweretsa kalikonse m'thumba la boma. Ku Canada, komwe analoleza mu Okutobala 2018, zigawo zambiri zimalola mitengo inayi pakhomo, komabe msonkho umachokera kwa alimi a laisensi ndi m'masitolo. Chimene kulima pakhomo kungachepetse ndi milandu m'makhoti ndi anyamata odzaza m'ndende chifukwa cha kampukutu kamodzi. Imeneyo ndi ndalama yopulumuka, si yotoleredwa, ndipo otsutsana pansolo aja amasakaniza ziwirizi.

Palinso chimene onsewo amachilumpha. Mpanda umodzi ku Matero kapena ku komboni ya George umatha kukhala ndi mabanja asanu ochita lendi, bafa limodzi, ana akusewera paliponse. "Pakhomo pako" ndi pati pamenepo?

Komanso madimba enieniwo akutha. Pomwe panali chibwabwa eni nyumba akuunjikapo mabuloko, kumanga zipinda zina zalendi, poti chipinda chimabala mwezi ndi mwezi popanda kuthirira. Ndalama ya lendi ili ndi msonkho wake m'malamulo a Zambia, koma mukaifunsa nkhani imeneyo kwa malandilodi a ku Matero, ambiri amayamba kukuuzani za kudula kwa simenti.