Mlendo wa Nchito m'Minda ya Tiyi ya ku Honde ndi ku Chipinge

Kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, m'cigawo ca Manicaland, kuli mapiri amene amatsata malire a Mozambique. Mvula imagwa yambiri kumeneko, ndipo tiyi amakula bwino m'malo awiri: m'cigwa ca Honde, kumpoto kwa Mutare, ndi m'boma la Chipinge, ca kumwera. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo akafika m'minda imeneyi angayese kuti ali kwao, pakuti mizere ya tiyi ndi nkhungu ya m'mamawa nzofanana. Koma akafuna nchito, funso loyamba limene amamva ndi lakuti, "Cikalata canu ciri kuti?" Nkhani ino iri kufotokoza za cikalata cimeneco, ndi za mapangano a maiko amene amanena za munthu wogwira nchito kunja kwa dziko lace kwa nthawi yowerengeka.

Tiyi weniweniyo anadza ndi alendo. M'caka ca 1924 Arthur Ward ndi Grafton Phillips, amene anaphunzira ulimi umenewu ku Assam m'dziko la India, anayamba kubzala pa munda wa New Year's Gift ku Chipinge. Pamenepo ndipo panacokera kampani ya Tanganda, imene inatsegulanso minda ina monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona. Ku Honde minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands inayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo wa Katiyo unadza pambuyo pace. Munda wa tiyi umafuna anthu a mitundu iwiri. Umafuna manja ambiri othyola masamba awiri ndi kansonga, makamaka m'nyengo ya dzinja, ndiponso umafuna akatswiri owerengeka odziwa makina a m'fakitale, matenda a mbeu ndi kalawidwe ka tiyi.

Kale mapangano a maboma anali kunena za manja ambiriwo. M'caka ca 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, za kayendedwe ka anthu ofuna nchito. Mu 1947 anakonzanso panganolo kuti gawo la malipiro a munthu lizisungidwa ndi kutumizidwa kwao. Akuluakulu akali kukumbukira magalimoto a Ulere, amene anali kunyamula anthu osalipira, ndi bungwe la Mthandizi limene linali kulemba anthu ku Nyasaland. Pa nthawi ya Citaganya ca maiko atatuwo, kuyambira 1953 kufikira 1963, lamulo la 1958 linatsekera anthu a kunja kwa Citaganyaco, makamaka a ku Mozambique, nchito za m'mizinda ikuluikulu, ndipo khomo limene linawatsalira linali la m'minda ndi m'migodi.

Maboma anali kuganiza kuti anthuwo adzabwerera kwao, koma ambiri sanabwerere. Anakwatira, nabala ana, nasanduka machona. Bvuto linaoneka poyera mu 2001, pamene lamulo la unzika la Zimbabwe linafuna kuti munthu ali yense woyenera kukhalanso nzika ya dziko lina akane unzikawo mwa malamulo a dziko linalo. Ana ambiri a anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, obadwira m'makomboni a m'minda, anayesedwa alendo m'dziko lokhalo limene analidziwa. Malamulo akulu a dziko a 2013 ndiwo anabvomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lace linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye anali kukhala m'dzikomo, ali nzika mwa kubadwa.

Mapangano a masiku ano ndi a bungwe la SADC, limene linakhazikitsidwa ku Windhoek mu 1992. Pangano la malonda a katundu linalembedwa ku Maseru mu 1996, ndipo pofika 2008 msonkho wa pa malire unacotsedwa pa katundu wambiri. Pangano la 2005 linati nzika za maikowa zizicezerana masiku 90 pa caka popanda viza, koma zinapita zaka zoposa 15 maiko olibvomereza asanakwane. Lacitatu, limene likhudza akatswiri, ndilo la malonda a nchito za luso. Linalembedwa ku Maputo mu 2012, ndipo linayamba kugwira nchito pa 13 January 2022, atalibvomereza maiko 11, pakati pao Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique.

Kodi pangano lacitatuli limatsegulira yani khomo? M'mapangano otere anthu amagawidwa panai. Woyamba ndi wamalonda wodza masiku ocepa kudzakambirana, osalandira malipiro m'dzikomo. Waciwiri ndi mkulu kapena katswiri amene kampani yace imamtumiza ku nthambi yace ya m'dziko lina. Wacitatu ndi wanchito wa kampani ya kunja imene yapatsidwa nchito yakutiyakuti yoti icite ndi kumariza. Wacinai ndi katswiri wodziimira yekha amene wapangana ndi womuitana. Dziko liri lonse limalemba mndandanda wace, kuchula anthu amene liwalola ndi utali wa nthawi yao, ndipo mindandandayo siifanana. Panganoli silinena za munthu wongopita kukafunafuna nchito, kapena za kukhazikika, kapena za unzika.

Ndiponso zokambirana zoyamba zinali pa magawo 6 okha: mtokoma ndi lamya, zomangamanga, magetsi ndi mphamvu zina, ndarama, zokopa alendo, ndi mtengatenga. Kulima ndi kuthyola tiyi mulibe. Mwacitsanzo, m'cigwa ca Honde muli timakina topanga magetsi ndi madzi a mitsinje, monga pa Pungwe. Injiniya wa kampani ya ku Lusaka woitanidwa kukakonza makina otero angathe kuthandizidwa ndi panganoli, ngati nchito yace iri pa mndandanda wa Zimbabwe. Koma kapitao wa ku Thyolo wodziwa kudulira tiyi zaka zambiri, kapena mai wa ku Espungabera woolokera ku Chipinge m'nyengo yothyola, panganoli siliwafikira.

Otsalawo amaweruzidwa ndi lamulo la Zimbabwe lokha la anthu olowa m'dziko. Mlendo wofuna kulembedwa nchito ayenera kukhala ndi cikalata cimene pa Cizungu cimachedwa Temporary Employment Permit. Wolemba nchito ndiye amapempha ku ofesi yoona za olowa ndi oturuka, naonetsa pangano la nchito ndi zikalata za maphunziro a mlendoyo, ndi umboni wakuti anafunafuna nzika yodziwa nchitoyo koma sanaipeze. Cikalataco cimachula kampani imodzi ndi nchito imodzi, ndipo ciri ndi tsiku lothera. Wosintha bwana ayenera kupempha cina. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zimalowa m'Zimbabwe kudzaceza popanda viza, koma cidindo ca kuceza sicilola munthu kugwira nchito, ndipo wogwidwa ali kutero angathe kumangidwa ndi kubwezedwa kwao.

Cifukwa cace ca kukhwima kumeneku ncodziwika. Boma liri lonse liri ndi anthu ace ophunzira amene alibe nchito, ndipo limaopa kudzudzulidwa likapatsa mlendo malo. Koma makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyi wacitira umboni mau amenewa. Kuyambira 1966 bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, la ku Mimosa m'boma la Mulanje, latumikira alimi a tiyi a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe pamodzi, ndipo mitundu ya tiyi yosankhidwa ku Mulanje inabzalidwanso tsidya lija la Zambezi. Maiko ena anapeza njira yapafupi. Pangano la malonda la 1994 la Canada, Mexico ndi United States linachula nchito za luso zoposa 60, kotero kuti nzika yokhala ndi maphunziro oyenera ndi kalata ya woilemba nchito imapatsidwa cilolezo ca nthawi yowerengeka mosabvuta. Ngakhale kumeneko, wothyola zipatso m'munda sali pa mndandanda.

Tsono munthu woitanidwa ku nchito ku Honde kapena ku Chipinge, kaya ndi injiniya, kaya ndi wolawa tiyi, acita bwino kufunsa zinthu zitatu asananyamuke: ngati womuitanayo wapempha kale cikalata, dzina la nchito yolembedwa pa cikalatapo, ndi tsiku limene cidzatha. Ayeneranso kusunga pasipoti yace yosatha mphamvu, ndi kulembetsa mwana ali yense wobadwira kumeneko, kuno ndi uko. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo amene anabvutika kwambiri mu 2001 anali ana a anthu amene anapita kukagwira nchito nyengo imodzi yokha, nakhalitsa opanda cikalata cosonyeza kwao.