ULENDO WOBISIRA MNZAKO UPASULA BANJA

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo thonje likagulidwa, m'midzi yambiri ya Cigawo ca Kum'mawa mumabuka nthenda imene ku cipatala alibe nayo mankhwala. Mwamuna amene ali ndi mkazi wabwino ndi ana athanzi ayamba kukhala duu pakhonde, maso ali kumseu. Basi ya ku Lusaka ikapita, mtima wace upita nayo.

Sikuti munthuyu wadana ndi banja lace ai. Watopa ndi masiku ofanana: kulawira kumunda, kuthirira kudimba, kukonza khola, maliro, msonkhano wa kwa anyakwawa, m'mawa mwace cimodzimodzi. Amai nao nthendayi siiwalambalala, kungoti sainena. Mai amene ulendo wace uthera kucigayo, kumjigo ndi kusikelo, akamva anzace akusimba za malonda a ku Nakonde, nayenso adzifunsa ngati dziko lonse lathera pamtondo.

Cilakolako cotere si cacilendo pakati pathu. Acewa anafika kuno kucokera ku dziko la Aluba, ku Congo. Angoni anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Atsamunda atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 ndi kukhazika msonkho, amuna anayamba kuyenda pansi kunka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya malasha ya Wankie, ndipo pambuyo pace ku Kabwe ndi ku migodi ya mkuwa. Msonkho ndiwo unawacotsa, koma si msonkho wokha. Mnyamata akaona mnzace wabwera ndi njinga, jekete ndi nkhani zosatha, tulo sanali kutiona. Ena anabwera, ena anasanduka machona, ndipo agogo athu akumbukirabe akazi amene anakalamba akuyang'ana kunjira.

Lero cokoka amuna ndi golide. Mbiri ya golide wa ku Kasenseli, m'boma la Mwinilunga, inamveka mu 1919 ai, koma posacedwapa mu 2019, ndipo anthu anakhamukirako kucokera kutali. Za ku Rufunsa, Mumbwa ndi Petauke nazo zimveka m'mabasi ndi pa mafoni. Cilala ca 2024, cimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinapatsa ambiri cifukwa cabwino conyamukira. Koma osimba za wolemera mmodzi sasimba za otsala m'maenje. Kumapeto kwa 2023, ku Chingola, mvula inagumula dothi ndi kukwirira anthu oposa 30 amene anali kukumba mkuwa paokha. Ambiri mwa iwo sanaturuke amoyo.

Ngakhale pamene palibe imfa, ulendo wobisa uli ndi njira yaceyace yopasulira nyumba. Mwamuna agulitsa matumba a fataleza kapena ng'ombe yolimira kuti apeze ya basi, nauza mkazi wace kuti apita kukaona mbale wodwala, abwera pakapita milungu iwiri. Milungu iwiri isanduka miyezi itatu. Mvula yoyamba igwa mu Novembala munda usanakonzedwe. Kuno kwathu mvula ndi ya nyengo imodzi, ndipo mlimi aliyense adziwa kuti cimanga cocedwa kubzala sicidzaza nkhokwe. Mai ayamba kugwira ganyu m'minda ya eni, wace uli m'thengo. Mwana wamkulu aleka sukulu kuti alere ang'ono. Bambo akadzabwera, m'thumba mulibe kanthu, ndipo nthawi zina abwera ndi matenda amene adzapatsa munthu wosalakwa. Munda ungakonzeke caka camawa, koma mkazi amene ananamizidwa acedwa kukhulupiriranso. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Nanga tinene kuti munthu akakwatira azingokhala phee? Iai. Akuluakulu omwewo anatinso pakadafunda padajiwitsa galu. Woyenda abwera ndi nzeru: aona mbeu yatsopano, kamangidwe kena ka khola, msika umene sanali kuudziwa. Coipa si ulendo, koma kuubisira mnzako.

Cotero mtima ukayamba kukoka, khalani pansi awiri ndi kupangana zinthu zinai. Coyamba ndi nthawi: kuyambira Juni kufika Okutobala nchito ya kumunda icepa, ndipo woyenda ayenera kukhala atabwera mitambo isanayambe. Caciwiri ndi ndalama: zicokere pa zotsala mutapatula cakudya, mbeu, fataleza ndi zofunika kusukulu. Cacitatu ndi malo enieni amene mupita ndi tsiku lobwerera. Cacinai, ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwe. Ngati muopa kuuza ankhoswe, dziwani kuti ulendowo uli ndi cilema.

Ndiponso si ulendo uliwonse ufuna kusiya mnzako. Kumapeto kwa Febuluwale kuli Nc'wala ku Mtenguleni, mwambo umene unayambanso mu 1980. Kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ku Mfuwe kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene alendo aoloka nyanja kudzaiona, pamene ambiri obadwira ku Chipata sanaonepo njobvu kapena nyamalikiti. Cikhalireco mwini dziko alipira ndalama zocepa pacipata kuposa mlendo. Amene mphamvu ziwalola angakwere sitima ya TAZARA, pa njanji ya makilomita 1,860 yocokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, imene inatha kumangidwa mu 1975. Mabanja angapo atasonkha cilimba kucokera nthawi yokolola, galimoto ya ku Mkaika kapena ku Mfuwe siingawakanike.

Mau otsiriza apite kwa inu abambo. Pamene mupempha kuti akumasuleni, kumbukirani kuti amai a kunyumba nao ali ndi maso ofuna kuona. Caka cina tsalani inu ndi ana, ndi mbuzi, ndi nkhuku, iwo apite ndi anzao kukagula katundu wa malonda kapena kukaona cionetsero ca zaulimi ku Lusaka. Mudzadziwa kulemera kwa nchito imene muwasiyira, ndipo akadzabwera, madzulo pabwalo padzakhala nkhani yatsopano yosimbirana.